Kachigamba Kofiira pa Bampala

Yoramu analowa m'Mufakose, lokeshoni ya ku Halale, mdima utagwa kale. Nyumba zonse zinali ngati za mimba imodzi. Msewu uwu, msewu uwo, chimodzimodzi. Golosale imodzi anaidutsa katatu.

Anali mwana wa m'tauni, wobadwira ku Mbare, wa phazi loyabwa. Bulawayo, Gwelo, Umtali: konse anagwirako ntchito, konse anachokako asanatsanzike. Tsopano anali dalaivala wa kachipatala ka mishoni kuseri kwa Mutoko. Chaka chinali cha 1978, nkhondo ili m'tchire monse.

Galimoto yake inali landirova yokalamba, yobiriwira. Vuto linali lomwelo. Galimoto yobiriwira, anyamata a m'tchire ankaiyesa ya asilikali. Kawiri konse chipolopolo chinaphonya pang'ono. Ndiye Sisitala Adelaide, namwino wamkulu, anamutuma ku Halale ndi kalata: dzimbiri lichoke, galimoto iyere, pazitseko pakhale mtanda wofiira.

Mayi wina wogulitsa matimati anamuuza m'Chishona kuti angotsata fungo la penti. Fungolo linamufikitsa pa geti la malata.

"Odi kuno!"

Kunatuluka nyali. Kumbuyo kwa nyaliyo kunali mtsikana wovala ovolosi yaikulu, duku kumutu.

"Ndikufuna bambo Zakaria, amisiri a penti."

"Bambo agona, chifuwa chawavuta. Mukufuna bambo kapena mukufuna mmisiri?"

"Kodi si munthu mmodzi?"

"Kale anali mmodzi. Lowetsani galimoto, achimwene."

Mtsikanayo sanadikire kuti kuche. Anagona chagada, nakwawira kunsi kwa galimoto ndi nyali yake. Anagogoda ndi sipanala. Zidutswa za dzimbiri zinayoyoka ngati makoko a mtedza.

"Mumaidutsitsa m'mitsinje?"

"Milatho anaphulitsa."

"Ndiye mukatuluka m'matope simuitsuka?"

"Kumene ndimayenda ine, munthu saima n'kumatsuka galimoto."

Anatuluka, napukuta manja pa ovolosi. "Bodi ilibe vuto, ndi ya aluminiyamu. Koma tchasisi, msana wake wachitsulowu, wadyeka. Bampala nayenso. Masiku asanu ndi awiri."

"Dzina lanu ndani, amisiri?"

"Tionenji. Mugona m'galimoto yanu. Bulangete ndikupatsani."

Yoramu anagona. Koma m'maso mwake munatsala nkhope ija, ya kadontho ka dzimbiri pamphuno.

Kutacha anaonana ndi bambo Zakaria. Anali nkhalamba yowonda, yochokera ku Ntcheu kalekale, mapapo atatha ndi utsi wa penti. Ankakhala pampando pakhomo, n'kumayang'anira ntchito ndi maso okha. Akazi awo, mayi Febbie, anabweretsa tiyi ndi mbatata.

"Tamvera, mwana wanga," anatero bambo Zakaria. "Penti sachiza dzimbiri. Amangolibisa. Uyambe wapala mpaka chitsulo chiwale. Kenako utoto wofiira wa pansi, woletsa dzimbiri. Pomaliza ndiye wa pamwamba."

"Chitini chofiira chilipo chimodzi chokha," anawonjeza Tionenji. "Masiku ano penti akusowa ngati petulo. Ndiye tipala tchasisi yonse kaye, tidzapake tsiku limodzi. Uno ndi Ogasiti, mvula kulibe. Chitsulo chidikira pansi pa lona."

Anakweza galimoto pa majeke ndi zipika. Anagulula matayala ndi mabampala. Tionenji anatenga bulashi yawaya ndi sandipepa. Yoramu anapatsidwa ntchito yopatsira zida.

Kodi munthu angapatsire sipanala tsiku lonse pakamwa pali duu?

"Achemwali, ndayenda ine. Gwelo, Bulawayo, Umtali. Sindinaonepo dzimbiri likukhala bwino pamunthu ngati pa inu."

"Ndipatseni sandipepa."

"Ndikunena zoona."

"Wokhakhala uja, osati wosalala."

Tsiku lachiwiri anapeza nzeru. Sandipepa akatha mano, kuseri kwake kumatsala pepala labwinobwino. Anatola wina, nalemba ndi pensulo: "Tio, landirova ili ndi magiya asanu ndi atatu opita kutsogolo. Mtima wanga wakana onse. Waima pano."

Anaika pepalalo m'bokosi la zida. Tionenji anawerenga, nalitembenuza.

"Ameneyu akadali ndi mano. Mwawononga."

Koma sanamugwiritse ntchito. Anamupinda, namuika m'thumba la pachifuwa. Yoramu anaona.

Tsiku lachitatu analemba wina: "Duwa langa la m'galaja, ukamaseka injini zonse za m'Halale zimalira zokha."

Madzulo ake anakhala awiri pa tayala, akudya chimanga chokazinga. Ana a m'makomo oyandikana ankasewera mpira wa mapepala mumsewu. Kutali, magalimoto a asilikali ankapita motsogozana.

"Anthu oyendayenda inu ndimakudziwani," anatero Tionenji. "Mumalonjeza injini ikulira."

"Ine ndazimitsa."

"Chifukwa matayala ndagulula ndine."

Anaseka onse. Phewa linakhudza phewa. Palibe anasuntha.

"Tio, ukudziwa kuti sindinakhalepo malo amodzi n'kumaopa kuchokapo? Pano ndikuopa."

"Mukuopa mabomba a mumsewu."

"Amenewo ndinawazolowera."

Tionenji anayang'ana manja ake. "Loweruka mupita, a Yoramu. Musandiphunzitse kudikira munthu."

Tsiku lachinayi tchasisi inawala. Kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, waliwali ngati mpeni watsopano. Bambo Zakaria anadzuka pampando, nayendetsa chala pachitsulo, nagwedeza mutu.

"Mawa wofiira," anatero Tionenji, akufunditsa lona. "Mkuja wakuda kunsi, woyera pamwamba. Loweruka ulendo."

Loweruka. Yoramu anawerenga ndi zala. Masiku atatu okha? Munthu wofunafuna zaka zonsezi, apeze lero, mkuja asiye?

Pa nthawi ya chakudya chamadzulo anatumidwa kukhitchini kukatenga madzi osamba m'manja. Pa shelefu panali chitini cha mchere. Anachiyang'ana. Anakumbukira galimoto zochokera ku Beira, momwe mphepo yamchere ya kunyanja inkazidyera. Anatapa dzanja limodzi, nathira m'botolo la madzi. Ena akupemphera m'nyumba, iye anatukula lona, nawaza pa tchasisi.

Tsiku limodzi lokha, anadziuza. Limodzi silipha munthu.

Kutacha Tionenji anavundukula lona, naima chilili. Chitsulo chonse chinali mawangamawanga achikasu.

"Zatheka bwanji? Mame kulibe."

"Unapala maso ali kwina," anatero bambo Zakaria, akuyang'ana Yoramu cham'mbali. "Bwereza."

Anabwereza. Yoramu anapeza tsiku lake. Analemba wina sandipepa: "Ngakhale chitsulo sichikufuna kuti ndipite." Tionenji anamwetulira motopa, napinda, naika m'thumba.

Tsiku limodzi linakoma. Bwanji awiri? Madzulo anawazanso.

M'mawa mwake dzimbiri linabwera lochuluka kuposa dzulo. Tionenji anatenga bulashi. Anagwada, nayambanso. Pofika masana nsonga za zala zake zinali zitang'ambika. Anazikulunga ndi kansalu, napitiriza.

Yoramu ankapatsira sandipepa maso ali kumbali. Anati basi, sadzachitanso. Koma madzulo Tionenji anatsamira mutu paphewa pake, nati, "Bola inu mulipo, mumandiseketsa." Ndipo dzanja la Yoramu linapitanso m'chitini cha mchere chija.

Kachitatu lona atavundukulidwa, bambo Zakaria anayang'anitsitsa chitsulo. Kenako anatsokomola.

"Zaka makumi atatu ndapenta m'Halale muno. Chitsulo changa sichinachitepo dzimbiri kawiri. Mwina ndinalakwa ine, kumupatsa mwana wamkazi zida zanga. Febbie, tumiza mawu kwa mmisiri Albert ku Kambuzuma. Adzamalize."

"Bambo, ndapala monga munandiphunzitsira."

"Chitsulo sichinama, mwana wanga. Vula ovolosi."

Tionenji sanalire. Yoramu anatsekula pakamwa, mawu anakana. Ananena mumtima kuti anena masana. Anena madzulo. Anena mawa.

Nthawi yomweyo mayi Febbie anatulukira pakhomo ndi chitini m'manja.

"Koma m'nyumba muno muli mbewa yodya mchere? Ndinadzaza Lamulungu lomweli."

Tionenji anali atagwira tchasisi ndi chala chake chong'ambika. Anachichotsa msanga, chikunyereza. Anachiika m'kamwa. Anaima. Anapukuta chitsulo ndi chala china, nalawanso.

Kenako anatembenuka pang'onopang'ono.

"A Yoramu. Tabwerani kuseri kuno."

Kuseri kwa nyumba kunali kamunda ka repu ndi mulu wa matayala akale.

"Ndi inu?"

"Tio, tandimvera."

"Ndafunsa. Ndi inu?"

"Ndine. Sindinafune kupita. Ndimakukonda, duwa langa, ndiye ndinati tsiku limodzi lokha…"

Tionenji anamasula kansalu, natambasula manja ake pamaso pake. Zala zonse zinali zilonda.

"Taonani chikondi chanu."

Yoramu anawerama.

"Ovolosi iyi ndinaimenyera nkhondo zaka zinayi. Amuna amabwera pageti, akaona ine amabwerera. Bambo okha ndiwo ankandikhulupirira. Lero andivula pamaso panu, inu muli chete."

"Ndimati ndinena."

"Liti? Albert atamaliza?"

Anapisa dzanja m'thumba la pachifuwa. Anatulutsa masandipepa onse opindidwa bwino. Anali asanu, mmodzi pa tsiku. Anawaika m'dzanja la Yoramu.

"Tengani. Bambo amati penti wopaka pa dzimbiri amawala sabata imodzi. Mawu anu ndi otero."

Anachoka. Yoramu anatsala ndi mapepala m'manja. Kale zikafika potere ankanyamula kachikwama kake n'kulowera ku siteshoni ya basi. Gwelo anachoka choncho. Umtali choncho. Geti linali pomwepo, losakhoma. Mapazi ankayabwa.

Anapita kwa bambo Zakaria, nagwada pafumbi.

"Bambo, Albert asabwere. Mwana wanu sanalakwe. Ndinawaza madzi a mchere ndine. Katatu."

Mayi Febbie anagwira pakamwa. Nkhalamba inamuyang'ana osaphethira.

"Chifukwa?"

"Ndimafuna galimoto ichedwe."

"Ichedwe chifukwa?"

Yoramu anayang'ana kukhomo kumene Tionenji analowera. Bambo Zakaria anatsata maso ake. Anapukusa mutu.

"Ine ndinafunsira mayi akewa ndi mpango wa kumutu. Iwe wafunsira ndi dzimbiri. Febbie, ana a masiku ano ali ndi nzeru?"

"Alibe," anatero mayi Febbie. "Ndipo mchere wanga abweze."

Bambo Zakaria anapisa m'thumba la jekete, natulutsa envulopu. "Iyi yabwera dzulo kudzera kutchalitchi. Ndimati ndikupatse ntchito ikatha, kuti mtima usathamange. Werenga mokweza."

Inali ya Sisitala Adelaide. Yoramu anawerenga. "Lachitatu mayi wina woyembekezera tinamunyamula pa ngolo ya ng'ombe. Anachirira panjira. Mulungu anathandiza, onse awiri ali moyo. Wotsatira sitikudziwa. Galimoto ibwera liti?"

Yoramu anapinda kalatayo pang'onopang'ono.

"Tionenji," anaitana bambo Zakaria. Mtsikana anatuluka, atavala diresi, ovolosi ili pamkono. "Ndakulakwira, mwana wanga. Vala zida zako. Ndiwe mmisiri pano. Uyu ndi wantchito wako. Umuuze chochita."

Tionenji anavala ovolosi. Sanamuyang'ane Yoramu kumaso.

"Mchere umabisala m'timaenje ta chitsulo. Mukangopala, ubwereranso. Wiritsani madzi. Mutsuke kasanu. Muumitse ndi nsalu ndi dzuwa. Kenako mupale. Nokha."

Masiku awiri Yoramu anagona chagada kunsi kwa landirova. Dzimbiri linamugwera m'maso, m'makutu, m'kamwa. Manja a chiwongolero anatuluka matuza. Matuza anaphulika. Tionenji ankangoima ndi kamtengo, n'kumaloza.

"Apo."

"Ndapalapo kale, amisiri."

"Bwerezani."

Sanalembe kalata ina. Sananene za duwa. Ankangopala. Pa ngodya ina, pamene sipulingi imagwira tchasisi, anapeza kadzimbiri kobisala komwe palibe akanakaona. Anayang'ana uku ndi uku. Tionenji anali kukhitchini. Anagulula bawuti, napala mpaka pansi. Atatuluka anapeza mapazi awiri ataima pafupi ndi tayala. Anali ataima pamenepo nthawi yaitali bwanji? Mwini mapazi anali Tionenji. Anangomuponyera kansalu koviika m'mafuta odzola.

"Mangani zalazo. Mudontheza magazi pa chitsulo changa."

Chitini chofiira chinatsekulidwa. Tionenji anapaka yekha, bulashi ikuyenda mbali imodzi, osathamanga, osasiya mpata. Tchasisi inafiira psuu. Utoto utauma, anapaka wakuda kunsi. Bodi anaikwecha, naipaka woyera kawiri. Mitanda anajambula ndi choko, nadzaza ndi dzanja losanjenjemera. Anthu odutsa ankaima pageti.

Madzulo omaliza Yoramu anasamba, navala malaya ake abwino, nakhala pansi pafupi ndi mpando wa bambo Zakaria.

"Bambo, ndili ndi malume ku Mbare, a Laston. Ndikufuna adzagogode pakhomo pano mwa mwambo."

"Ukufuna bambo kapena ukufuna mwini wake?" inatero nkhalamba. "Ine ndinapuma ntchito. Kafunse uko."

Tionenji anali kutsuka mabulashi m'palafini. Yoramu anagwada pambali pake.

"Tio, mawu okoma andithera. Ndinakupweteka. Kumene ndikupita ukukudziwa. Koma ndikakhala moyo, ndidzabwera. Malo ena ndilibe."

Tionenji anafinya bulashi, naipachika pa msomali.

"Kagoneni. Msewu wa Mutoko umafuna maso."

Basi. Ngakhale kumwetulira ayi.

Kunja kusanayere bwino Yoramu anali atadzuka. Utsi wa mbaula unali utayamba kukwera m'makomo. Anthu a m'mafakitale ankapita kokwerera basi, manja m'matumba. Mayi Febbie anamupatsa mbatata m'pepala. Iye anawapatsa paketi ya mchere imene anagula dzulo lake.

"Iyi ndi ya m'ndiwo," anatero mayiwo. "Wamva?"

Bambo Zakaria anamugwira dzanja pakhomo. Tionenji sanaoneke.

Yoramu anazungulira galimoto monga amachitira dalaivala aliyense. Matayala. Magetsi. Yonse mbee, ikununkhira penti. Atafika kumbuyo anaima.

Pa bampala wakuda, kumanja, panali malo aakulu ngati chikhatho osapakidwa wa pamwamba. Kachigamba kofiira, ka ngodya zinayi zowongoka bwino.

"Mwaona chiyani?"

Tionenji anali kumbuyo kwake, atafunda bulangete lija.

"Amisiri, apa mwaiwala."

"Ine sindiiwala."

Anayandikira, naika chikhatho chake pa kachigambako. Chinakwanira ndendende.

"Pakhomo pano sipanatulukepo ntchito yosatha. Iyi ndi yoyamba. Bambo akaona andipha. Utoto wofiira paokha umapirira dzuwa, koma mvula yambiri suitha. Mvula imayamba Novembala."

Yoramu anayang'ananso kachigambako.

"Mubwere nayo isanagwe, ndidzamalize. Mukachedwa, sindidzafunsa kanthu. Ndidzangoyang'ana apa."

"Tio…"

"Ndipo a Laston abwere Lamulungu, tikatuluka m'tchalitchi. Asabwere chimanjamanja, mayi amakonda shuga."

Yoramu anagwira dzanja lija pamwamba pa chitsulo. Zala zomangidwa nsalu pa zala zomangidwa nsalu.

"Duwa langa la m'galaja."

"Mwayambanso." Koma ulendo uno anaseka, misozi ili m'maso. "Makalata anga aja ali kuti? Ndinakubwerekani chabe."

Anali m'thumba la malaya, onse asanu. Tionenji anawalandira, nawabweza pachifuwa. Kenako anatulutsa wina sandipepa, wotha mano, namuika pa mpando wa dalaivala.

"Muwerenge mukadutsa lodibuloko yoyamba. Osati pano."

Anatsekula yekha geti. Injini inalira. Landirova yoyera inatuluka pang'onopang'ono mumsewu wa fumbi. Pagalasi Yoramu ankaona bulangete litaima pageti, likucheperachepera.

Lodibuloko sanaidikire. Pa golosale ija, imene anaidutsa katatu, anaima, natembenuza pepala.

"Wapamtima wanga wopusa. Ukawoloka mtsinje, uziima n'kuitsuka kunsi. Ndi iwe wemwe uzidzisamala. Chitini chakuda ndasunga."

Anawerenga kawiri. Anatsika, napita kumbuyo, napukuta fumbi pa kachigamba kofiira ndi mkono wa malaya. Anayang'ana kumwamba. Kunalibe mtambo ngakhale umodzi.

Anakwera, naponya giya, nalunjika ku Mutoko.